Ngala zisanu ndi ziwiri za Nadzimbiri

Mukakana kanani, ana inu, koma ine ndikuti ngala zisanu ndi ziwiri za chimanga zinagonjetsa lole yathunthu.

M'mudzi wa Kamphulusa munali mayi wina wosaopa munthu, dzina lake Nadzimbiri. Akakolola ankasankha ngala zisanu ndi ziwiri zabwino za chimanga cha makolo, n'kuzimanga ndi makoko ake omwe, n'kuzipachika kudenga la khitchini kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe. Mbewuyo anasiyiridwa ndi malemu amayi ake, munthu wa timiyendo ngati bango, amene anaisenza wapansi kuchokera kutsidya kwa malire.

Chaka china kunabwera lole, ndi bambo wa tayi wochokera ku kampani ina ya mbewu. Anati mbewu yake akatswiri anaisintha chibadwa, moti mbozi ikaluma tsamba imafa. Paketi yoyamba inali yaulere, bola aliyense apereke mbewu yake yakale kuti ziwirizi zisasakanikirane m'munda.

"Mbozi ikaluma imafa," anatero Nadzimbiri. "Nanga mdzukulu wanga akaluma?"

"Anayeza kale, mayi. Sichipweteka munthu."

"Chabwino. Ndikakolola ndingasungeko mbewu?"

Bambo uja anakhosomola. "Zimenezo pangano likuletsa. Muzigula chaka ndi chaka."

"Ndiye mwadzatigulitsa chingwe chodzimangira tokha."

Anthu anamuseka, n'kuponya ngala zawo m'lole. Mlamu wa Nadzimbiri, Kamtedza, anathamangira kukhitchini kwa mayiyo kuti akatsitse zake zija. Anapeza mwiniwake wafika kale, waima pakhomo, munsi uli m'manja.

"Alamu, musatichititse manyazi. Kachimanga kanu konyozoloka aka n'kachiyani?"

"Lowani, alamu, mutuluke opanda mano! Amene anasenza mbewu iyi analinso onyozoloka, koma ndi amene anabala mkazi wanuyo. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo!"

Kamtedza anabwerera akung'ung'udza.

Zoona zinenedwe: chimanga chatsopano chinabereka bwino, ndipo palibe anadwala nacho. Nadzimbiri anadzala chake kuseri kwa phiri, kutali ndi minda ya anzake, nakolola zochepa. Koma mvula ina itayandikira, lole inabweranso, paketi imodzi ili pa mtengo wa mbuzi. Mbuzi anali nazo ndani? Anthu anayang'ana kumadenga a makhitchini awo, n'kuona mwaye wokhawokha.

Woyamba kuodira kwa Nadzimbiri anali Kamtedza, chipewa chili m'manja, kambale atabisa kumbuyo.

"Alamu, kaja kachimanga..."

"Kati? Konyozoloka kaja?"

"Eya, komweko."

"Munene kaye mawu ndinakuuzani aja, mokweza, bambo wa tayi uja amve ali palole pakepo."

Kamtedza anakuwa mpaka agalu anauwa. Pambuyo pake aliyense wodzapempha ankanena mawu omwewo asanalandire kam'manja ka mbewu. Lole inabwerera ndi mapaketi ake ambiri.

Mwambi uja unayambira pamenepo: mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Chimene chinakulera usachitaye chifukwa chachilendo chanenepa. Chatsopano landira ukafuna, koma funsa kaye, ndipo chako usapereke chonse.

Tsono bodza langa ndi limodzi lokha. Kamtedza kunalibe. Wothawa munsi uja, wa kambale uja, ndinali ine.