Kheni ya Mayi Mbande

Kuseri kwa nyumba, pakati pa bafa ndi khola la nkhuku, panali shedi ya ukonde wobiriwira momwe mayi wina ankafesa mbewu zamasamba. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale, ankangoti Mayi Mbande. Ntchitoyi anali ataigwira zaka makumi atatu, ndipo kudzitama sankakuona ngati tchimo. "Mbande yoti ifere m'manja mwanga sinabadwe," ankatero. Lamulo lawo linali limodzi lokha: kheni ya madzi m'mawa, kheni ya madzi madzulo, zivute zitani.

Chaka chimenecho dothi linayamba kuwavuta, chifukwa udzu unkamera msanga kuposa mbande. Mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo wachisamba, anali atagwirapo ntchito ku nazale ina yaikulu ya mbande asanakwatiwe. Iyeyu ndiye anabwera ndi makoko a kokonati opera, oumbidwa ngati njerwa, ouma gwa. Anaviika imodzi m'beseni, ndipo inafufuma mpaka beseni lonse linadzaza ndi zinyenyeswa zofewa, zofiirira ngati masamba a tiyi.

"Tizifesa m'menemu, amayi. Mulibe udzu, ndipo mizu imayenda bwino," anatero mpongoziyo. "Koma kathiriridwe kake n'kosiyana pang'ono, chifukwa..."

"Ndikudziwa kale, apongozi," anamudula Mayi Mbande uku akuseka. "Ndinayamba kuthirira mbande inu musanamere mano. Madzi ndi madzi basi."

Mpongozi anabwerera ku beseni lija. Ndani angaphunzitse apongozi ake kagwiridwe ka kheni?

Sabata yomweyo kunafika alamu a Mayi Mbande, mng'ono wa bambo a panyumbapo, mlimi wa tomato. Anabweretsa mapaketi a mbewu yosowa, yomwe anaiitanitsa kutali n'kuidikira miyezi iwiri. Munda anali atagaula kale, manyowa atathira.

"Pakatha milungu inayi ndikufuna ndiwokere, alamu. Ndikachedwa, nyengo indisiya, ndipo mbewu ina ndilibe."

"Pitani mukagone tulo tofa nato," anayankha Mayi Mbande akudzigunda pachifuwa.

Mbewuyo inadzaza mathireyi ofeseramo makumi atatu. Mpongozi anapempha asanu. Anati akufuna kuwapeputsira ntchito apongozi akewo, ndipo anakawaika pakona, kutali ndi kheni ya apongozi ake.

Mbande zinamera mokongola, thireyi iliyonse ili biliwiri. Koma makoko a kokonati ali ndi khalidwe lawolawo. Dzuwa likakwera, pamwamba pamatuwa ngati pauma, pomwe pansi madzi ali tho. Mayi Mbande anazolowera dothi, limene likatuwa ndiye kuti lili ndi ludzu. Ataona kutuwako anawonjezera kheni yachitatu ya masana, n'kumadziyamikira kuti ndi munthu wosamala.

Tsiku lina mpongozi analimba mtima. "Amayi, tanyamulani thireyiyi mumve kulemera kwake."

"Maso ndili nawo, apongozi. Kaoneni ndiwo pamoto zingapserere."

Sabata yachiwiri isanathe, mbande zinayamba kugwa. Tsinde linkada m'munsi, kuonda ngati ulusi, kenako kambande n'kugona pansi. Mayi Mbande anati ndi ludzu, ndipo anathiranso madzi. Pofika Lachisanu, m'shedi munkamveka kafungo ka zowola. Mayiwo anagwada, anatapa makoko aja dzanja lodzaza, n'kufinya. Madzi anachucha mpaka m'chigongono. Apa anazindikira kuti mbande za alamu awo azimiza ndi manja awo omwe. Atatembenuka anaona mathireyi asanu aja pakona, mbande zake zitaima njo, masamba ali tambasu.

Alamu aja atabwera kudzaona mbande zawo sanakalipe, ndipo n'zimene zinapweteka koposa. Anayenda mzere wonse wa mathireyi, anavula chipewa, n'kukanda m'mutu.

"Alamu, si munati ndikagone tulo? Munda wonse uja ndiwokeremo mathireyi asanu?"

Mayi Mbande anangoyang'ana zala zawo zakumapazi. Manyazi anawagwira, ndiponso chisoni, chifukwa munthuyo anawakhulupirira ndi mbewu yake yonse. Alamuwo anati adzatenga asanuwo akakhwima, kwinako adzadzalako nyemba, ndipo anachoka osamwa ngakhale madzi.

Madzulo nthawi yothirira itakwana, Mayi Mbande anafika pa kheni mwachizolowezi, anaigwira, kenako anaisiya pansi. Anaitana mpongozi wawo.

"Apongozi, tsiku lija ndinakudulani pakamwa. Munafika poti 'chifukwa'. Malizani, ndikumvetsera."

Mpongozi anawapatsa thireyi imodzi mwa zake. "Chifukwa makokowa amasunga madzi, amayi. Musamafunse maso, muzifunsa dzanja. Ikalemera chonchi, kheni ipume. Ikapepuka, thirirani."

Mayi Mbande anainyamula, anaiika pansi, anainyamulanso. Mawu amene akanapulumutsa munda wathunthu anali ochepa chonchi, ndipo anali m'nyumba mwawo momwemo kuyambira tsiku loyamba. Kuyambira pamenepo, aliyense wobwera kudzaphunzira kufesa m'makoko a kokonati amayamba wamva nkhaniyi kuchokera pakamwa pa eni akewo, ndipo mayiwo amaimaliza akuseka ndi mwambi woti: Ndikudziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.