Msomali m'Bwato la Rabson

Padoko la mtsinje wa Rusa, kudera la Dambe, munthu akati "bwato lamagetsi" aliyense ankadziwa kuti akunena la Rabson Mbewe. Bwatolo linali la matabwa ngati ena onse, lokankha ndi nsungwi yaitali. Koma kumbuyo kwake Rabson anamangirirako sola, pansi pa mpando anaikapo batire, ndipo m'mbali anakhomeramo soketi yoti anthu azitchajapo mafoni podikira kuti bwato lidzaze. Amalonda opita kuboda ankafika mafoni atathima, koma potsika kutsidya amakhala akukambirana kale ndi anzawo a ku Chipata.

Komabe chimene Rabson ankanyadira koposa sichinali magetsiwo. Pa zaka khumi ndi zinayi zimene anakhala akuwolotsa anthu, sanatayepo katundu wa munthu, ngakhale nkhuku. Munthu wopanda munda waukulu, wopanda ng'ombe, chuma chake chinali mbiri imeneyi, ndipo ankaisamala ngati dzira.

Vuto linayamba mu Epulo, mvula ikutsazika koma Rusa akadali wodzaza. Lolemba soketi inangoti zii. Rabson atayang'ana anapeza kuti fyuzi, kachipangizo kamene kamadula moto pakakhala cholakwika, yapsa. Anaikamo ina, Lachiwiri inapsanso. Lachitatu m'mawa akuika yachitatu, yomaliza m'thumba mwake, padoko panafika Keziya, mwana wa amalume ake, mayi wokonza masola kuboma ku Mchinji. Ankapita kukaona mayi ake kutsidya.

Chisuweni cha awiriwa chinali chotchuka dera lonse. Kuyambira ali ana sanauzanepo mawu oongoka. Keziya yemweyu tsiku lina anauza Rabson, nkhope ili gwa, kuti mkazi wake wathawa ndi dalaivala wa thiraki. Rabson anathamanga mpaka kumsewu, chonsecho mayiyo anali kuchigayo.

"Amuna anga," anayamba Keziya akukwera, "mwakalamba mpaka moto wakutherani m'bwato?"

"Moto ulipo, akazi anga," anayankha Rabson. "Koma mafyuzi a masiku ano ndi aulesi ngati inu nomwe."

Anthu anaseka. Ali mkati moseka, fyuzi yachitatu ija inalira kuti thi, n'kupsa. Keziya anagwada, anatulutsa zida m'kachikwama kake, n'kumasula soketiyo. Anatsata waya ndi chala mpaka pansi pa mpando. Atadzuka, kuseka kunali kutamuthera.

"Rabson, fyuziyi siikulakwa," anatero. "Onani apa. Mawaya awiriwa akukhulana ndi bawuti, ndipo asupuka. Komanso mukamakapa madzi, ena akulowa m'soketi, n'chifukwa chake muli dzimbiri lobiriwirali. Mawayawa akagundana, fyuzi ikupsa m'malo mwa bwato lanu. Chotsani batire lero lomwe. Loweruka ndibwera ndi waya watsopano ndi soketi yachivindikiro, tidzaikhome pamwamba."

Enoki, wamalonda a zitenje amene ankawoloka pafupifupi tsiku lililonse, anaombera m'manja. "A Mbewe, lero ndiye akukulangani akazi anu pagulu!"

Rabson anamva manyazi pang'ono, ndipo anathawira kumene ankathawira nthawi zonse. "Mukufuna kundithamangitsanso, akazi anga? Nkhope imeneyo ndikuidziwa. Ndi yomwe ija ya dalaivala wa thiraki."

"Sindikuseka, msuweni."

"Mumatero kumene musanandinamize."

Keziya anabwerezanso kawiri ali pakati pa mtsinje, anabwereza kachitatu akutsika. Koma munthu amene wakhala akukuseketsa zaka makumi atatu, tsiku loti walira umayesa akuyeserera. Rabson sanali munthu wamwano. Kungoti khutu lake linazolowera kumva Keziya mwa njira imodzi.

Lachinayi bwato linayenda lopanda magetsi, ndipo madandaulo anachuluka. Wina anati foni yake yathima katundu ali paboda, wina anati bwato lamagetsi lasanduka mtondo. Mawu amenewa anamulasa Rabson. Masana, anthu atachepa, anatola msomali, anaudula mofanana ndi fyuzi, n'kuukanikizira m'malo mwake. Kanyali ka pasoketi kanayaka pompo. Anakhala pansi n'kumakayang'ana mokondwa. Msomali supsa, anadziuza, ndipo Loweruka silili kutali.

Lachisanu m'mawa padoko panafika ngolo itanyamula mabelo awiri a fodya. Mwini wake anali Felista, mayi wamasiye wa m'mudzi woyandikana ndi wa Rabson. Mwamuna wake anamwalira mu Seputembala nazale itangofesedwa, ndipo kuthirira, kuwokera, kuthyola, kusoka ndi kusankha, zonse anazichita yekha. Mabelo awiriwo anali thukuta lake la chaka chathunthu. Kutsidya kunali lole ikudikira kutenga fodya wa alimi kupita naye kumsika.

"Ena amandiuza kuti ndizungulire kumlatho," anatero Felista, "koma ndinati ayi. Kwa a Mbewe katundu satayika. Mtima wanga uli m'malo."

"Khalani phee, mayi," anatero Rabson. "Afika ali wouma ngati mmene mwamumangiramu."

Anaika mabelowo bwinobwino, limodzi pakati, lina analitsamiritsa m'mbali, pamwamba penipeni pa mawaya osupuka aja. Enoki anakwera, analumikiza foni yake, ndipo bwato linanyamuka.

Ali pakati pa mtsinje, pamene madzi amathamanga kwambiri, Enoki ananunkhiza. "Ndani akusuta?" Palibe amene ankasuta. Kulemera kwa belo kunali kutakanikiza mawaya aja pamodzi, ndipo msomali, wosadziwa kukana, unangolola moto wonse wa batire kudutsa. Waya anafiira, pulasitiki inasungunuka, chiguduli chokutira fodya chinagwira moto. Fodya wouma safuna kumupempha kawiri. Utsi unangoti tolo, amayi anayamba kukuwa, ena anathamangira mbali imodzi mpaka bwato linapendekeka.

"Khalani pansi!" anakuwa Rabson. Anaponyera Enoki nsungwi, iye n'kulowetsa dzanja pansi pa mpando. Waya anamuwotcha chikhatho mpaka kununkha, koma sanamusiye mpaka atamuzula pabatire. Atatembenuka anaona malawi akunyambita matabwa. M'bwatomo munali anthu asanu ndi anayi, ambiri osadziwa kusambira. Anayang'ana Felista kamodzi kokha, kenako anakankhira belo loyakalo mumtsinje. Linalo linali litayamba kufuka, ndipo analithira madzi ndi chigubu chokapira mpaka linanyowa lonse.

Anthu onse anafika kutsidya amoyo. Felista sanakuwe, sanatukwane. Anagwada pamchenga, anamasula belo lotsalalo, n'kuyamba kutola masamba amodziamodzi, kuwayala padzuwa, ngakhale ankadziwa kuti fodya wonyowa chotere amada ndipo kumsika amabwerera. Lole inaimba hutala kawiri, kenako inanyamuka. Rabson anaima chapatali atagwira dzanja lake lopsalo. Akanakonda mayiyo akanamulalatira, mwina mtima ukanapepukako.

"Mayi," anatero Rabson pomaliza, "si tsoka ili. Ndinauzidwa. Ndalakwa ndine."

Felista anangoti, "Ndamva, a Mbewe," osatukula mutu.

Loweruka Keziya anafika monga analonjezera, atanyamula waya ndi soketi yachivindikiro. Nkhani inali itamupeza kale. Padoko panali bata, pakuti anthu ambiri tsikulo anasankha kuzungulira kumlatho. Keziya anaima patsogolo pa msuweni wake, n'kupinda maondo pang'ono ngati akulonjera mlendo.

"Mwadzuka bwanji, a Mbewe?"

Chibadwire Rabson anali asanamvepo ulemu wotere pakamwa pa Keziya, ndipo unamupweteka kuposa bala la m'dzanja. Anakhala pamphepete pa bwato, misozi ikutsika osaibisa. Keziya anayamba ntchito yake. Anachotsa mawaya opsa, anadutsitsa atsopano m'paipi kutali ndi bawuti, anakhoma soketi pamwamba pamene madzi safika. Msomali uja anauzula ndi pulayala, wakuda bii, n'kuuika m'dzanja labwino la Rabson. Kenako anamuonetsa fyuzi yatsopano.

"Kakapsanso aka, musakakwiyire," anatero. "Kamakhala kakukuuzani zinazake."

"Iwenso unandiuza, Keziya."

"Ndinakuuzani. Koma inenso ndinakunamizani kambiri. Ndikanachotsa ndekha batire lija tsiku lomwe lija."

Mbiri ya zaka khumi ndi zinayi inapita ndi madzi tsiku limodzi, ndipo kubwerera kwake n'kwapang'onopang'ono. Seputembala atafika, anthu ankamuona Rabson m'mawa uliwonse, asanapite kudoko, akuthirira nazale ya Felista ndi dzanja lake lachipsera. Palibe anamutuma. Bwato likadawolotsabe anthu, ndipo msomali wakuda uja anaupachika ndi kachingwe pafupi ndi soketi. Akaona munthu akunyozera mnzake amene akumuchenjeza, ngakhale wochenjezayo akhale wanthabwala chotani, Rabson amaloza msomaliwo n'kunena mawu amene anawaphunzira mochedwa: wakutsina khutu ndi mnansi.