Nzimbe ya Aphunzitsi pa Ulalo

Senderani kuno, mumve bwino. Dzimbiri, chimphona cha pa ulalo, anaimitsa aphunzitsi a Nasibeko atanyamula nzimbe ya mfundo khumi yokaphunzitsira ana.

"Theka ndi langa, mayi, apo ayi simuwoloka."

Aphunzitsi analemba padothi 0.5 ndi 0.10. "Achimwene, ndinu akulu, sankhani nokha gawo lanu."

Dzimbiri anaseka. "Mukundiyesa mwana? Teni amaposa faifi." Anaponda pa 0.10, amayi ochapa pamtsinjepo akuonerera.

Aphunzitsi anadula mfundo imodzi. "Nayi. Wani wotsatana ndi kadonthoyu ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Faifi mwakanayu ndi magawo asanu, ndiye theka lija."

Amayi aja anaseka mpaka sopo kugwera m'madzi. Dzimbiri anatsala akutafuna kamfundo kake, kakunsonga kosatsekemera komwe.

Mukafika kwanu, muwauzeko anzanu.