Zigoba za Amayi a ku Kartong

Padoko la amayi otola nkhono ku Kartong, mawu a Aja Sirra Jatta sankagwa pansi. Ndiwo anasonkhanitsa amayiwo m'gulu. Ndiwonso anawaphunzitsa kutseka khwawa m'nyengo ya mvula kuti nkhono ziswane, ndi kuti nkhani ikakula aliyense aziponya chigoba m'chipanda cha mbali imene wakonda.

Koma ulemu ukachuluka umaledzeretsa. Wamalonda wina wa ku Banjul atafuna nkhono mvula ili pakati, Aja Sirra anavomera okha.

"Mawa tikutsegula khwawa," anauza amayiwo.

"Zatuluka m'chipanda chiti zimenezo, Amayi?" anafunsa Nyima, mpongozi wa Aja Sirra.

"Iwe, mano ako ndawaona akumera! Chipanda ndine."

Amayi enawo anaseka, koma zipanda ziwiri anazibweretsabe. Anaponya mmodzimmodzi, dzanja atabisa m'nsalu. Atavundukula, chokana chinali tho! Chovomera munali chigoba chimodzi, cha eni nkhani.

"Tsalani ndi zigoba zanuzo," anatero Aja Sirra.

M'mawa analawirira okha, kupalasa bwato lalikulu lomwe limafuna anthu anayi. Pamizu ya mitengo yomera m'madzi anapeza tinkhono tonga zikhadabo, mpeni wawo unachita manyazi. Madzi atabwerera kunyanja khwawa linaphwa, bwato n'kutitimira m'matope. Anakankha mpaka msana unakana, kenako anangokhala, udzudzu ukuwachitira phwando.

Dzuwa litapendeka anamva nyimbo. Anali amayi aja, nsalu atakwinya, matope m'mawondo, Nyima ali patsogolo ndi chingwe.

"Mwabwera kudzandiseka?"

"Kuseka tinaseka kale, Amayi," anayankha Nyima. "Tinaponyanso zigoba kuti tione ngati tikutengeni kapena mugone ndi nkhanu. Mwapambana, koma movutikira."

Aja Sirra anaseka mpaka misozi. Wamalonda uja anakamubweza okha.

Khwawa litatsegulidwa pa nthawi yake, nkhono zinatuluka zodzaza chikhatho, ndipo amayi a madoko ena anabwera kudzafunsa chinsinsi. Aja Sirra anaimirira, chifuwa patsogolo, naloza anzawo.

"Awa anandikana ine, maso ali gwa, ine amene ndinawaphunzitsa! Kwanuko alipo amayi otere?"

Analamulirabe zaka zambiri, koma sanadulenso kanthu okha. Paja akuluakulu anati nkhwangwa, ithwe chotani, ikhulupirira mpini.