Tcheni cha Galimoto Yosalira

Panali munthu wina, makaniko, amene ankakhala kudera kolimidwa nzimbe. Dzina lake anali Kwenda. Musandifunse kuti kunali kuti kwenikweni, ndimakudziwani inu ophunzira zaumakaniko, mumafunsa mafunso ofuna kungothawitsa nthawi. Mwandifunsa ngati galimoto zoyendera mafuta a nzimbe zidzafike m'misewu yathu. Ikani masipanala pansi ndikuyankheni momwe ndikudziwira.

Kwenda anali ndi galimoto yakale yonyamulira katundu. Injini yake inkatsokomola, utsi uli tolotolo, ndipo kumbuyo kunali tcheni chomangira chitseko chimene chinkalira ngwe-ngwe-ngwe paliponse pokumbika. Anthu ankaiseka. Iye ankangoti bola ikuyenda.

Analinso ndi mkazi wake, Nachisale, amene anakhala naye zaka makumi atatu. Mayiyu anachita khungu atakula kale, ndiponso ankadwala mphumu. Ntchito zinamuchoka m'manja imodziimodzi. Kumunda anasiya, kumsika anasiya, ngakhale kuphika ankachita kuthandizidwa ndi mng'ono wake. Inatsala ntchito imodzi yokha. Dzuwa likapendeka, akamva injini ija ikutsokomola pa mlatho wa kumunsi, ankadzuka pakhonde, n'kumanga bwino duku, n'kugwira chingwe chimene mwamuna wake anamumangira kuchokera pakhonde mpaka pa geti, n'kukatsegula. Galimoto inkapeza geti lili yasa, mayi ali chilili pambali. Utsi unkamutsokomoletsa mpaka misozi, koma sankalola munthu wina kugwira geti limenelo.

Utsiwo unkamuwawa mtima Kwenda. Kenako kunabwera tsiku loipa. Mphumu inamugwira mayi masanasana, galimoto ilibe ndi dontho lomwe la petulo, komwetsera mafuta mzere utafika kumsika. Anapita naye kuchipatala pa njinga, iye akupalasa, mayi akubanika kumbuyo. Mayi anachira. Pobwerera, Kwenda anaima n'kuyang'ana minda ya nzimbe mbali zonse ziwiri za msewu, ndipo anati mumtima mwake, mafuta akumera pakhomo pathu pompano ife n'kumaima pa mzere.

Mukudziwa kuti zotsalira popanga shuga amatchezako mafuta aja ophunzira amati etanolo, m'bale wake wa kachasu. Iwe wamwetulira kumbuyoko ndakuona. Mafuta amenewa kuwawotcha mu injini n'zotheka, ena amasakaniza ndi petulo. Koma Kwenda sankafuna zowotchawotcha. Anamva za bokosi lina limene mafutawo amalowamo, n'kutenthedwa, n'kusanduka mpweya, ndipo mpweyawo ukadutsa pa timbale topyapyala m'katimo umatulutsa magetsi. Magetsi amapita ku batire, batire imazunguza mateyala. Palibe kuphulika, palibe utsi wakuda. Kumbuyo kumangotuluka nthunzi ndi kampweya pang'ono.

Kunena n'kosavuta, anthuni. Zinamutengera zaka zisanu ndi ziwiri. Bokosilo anatumiziridwa ndi mphwake wa kunja, lakale, lotayidwa ndi eni ake. Linkachedwa kutentha, munthu kumwa tiyi makapu awiri lisanavomere kugwira ntchito. Timbale tija tinkatsekeka ndi mwaye, iye n'kumasula, n'kutsuka, n'kubwezera. Kena kanang'aluka chifukwa anakaziziritsa mofulumira, ndipo anadikira miyezi isanu ndi umodzi kuti apeze kena. Anzake a pa galaja anamupatsa dzina loti dokotala wa kachasu. Iye ankangopitiriza ntchito yake.

Potsiriza zinatheka. Anatsitsa injini yakale, anaikamo bokosi, anawongola mopindikapindika monse, anapaka penti. Chitseko cha kumbuyo anachiikira chotsekera chatsopano, tcheni chija n'kuchiponya pa mulu wa zitsulo zotha ntchito. Ataiyendetsa, galimoto inangoti see, osamveka ngakhale pang'ono. Kwenda analira ndi chimwemwe ali pa chiwongolero.

Tsiku limenelo anawoloka mlatho, anafika pa geti, anapeza lili lotseka. Anatsika, anatsegula yekha, analowetsa galimoto mpaka pafupi ndi khonde. Nachisale anali atakhala pa mpando wake, khutu atalozetsa kumlatho, akudikira. Kwenda anayenda monyang'ama n'kumugwira paphewa. Mayi anadzidzimuka mpaka kapu imene inali m'manja mwake inagwa.

"Mwaona, Nachisale? Simunandimve! Ndipo simukutsokomola!"

Mayi anafufuza kapu pansi, anaipeza, anaipukuta ndi chitenje.

"Zoonadi, a Kwenda. Mwagwira ntchito."

Kwenda anamva mawuwo, koma nkhope sanaione. Mtima wake unali pa bokosi.

Masiku anapita. Chifuwa cha mayi chinapepuka ndithu, zimenezo sitingakane. Koma duku anasiya kumanga. Pakhonde anayamba kukhalapo mwa apo ndi apo. Chakudya ankangotola pang'ono n'kukankha mbale. Mng'ono wake akamufunsa ankati palibe. Kwenda ankatsegula geti yekha tsiku ndi tsiku, n'kumaganiza kuti wamupumuza mkazi wake.

Mbiri ya galimoto inafika kumzinda. Akuluakulu atatu, ophunzitsa za mainjini, anatumiza mawu kuti abwera Lachisanu kudzakwera ndi kudzaijambula. Chimene ankafuna kudzamva makamaka chinali bata lija. Zaka zisanu ndi ziwiri za kusekedwa zinali zoti zithe tsiku limenelo.

Lachinayi Kwenda anaweruka msanga kuti akatsuke galimoto. Dzuwa linali likuswa mtengo. Atakhota pa ngodya ya mpanda, anaona mkazi wake ataima pa geti, dzanja lili pa chitsulo chotentha, milomo itauma gwa. Galimoto inaima pafupi naye kwambiri, iye osadziwa. Nkhope inali italoza kumlatho.

"Nachisale! Mwaima pano kuyambira nthawi yanji?"

"Kuyambira m'mawa, ana a sukulu akupita."

"Padzuwa lonseli? Chifukwa chiyani?"

"Sindidziwanso nthawi imene mumabwera. Ndinati ndikaima pompano, mwina ndimva mateyala."

Kwenda anatsika m'galimoto. Kenako anati, "Pepani. Kuyambira mawa ndiziimba hutala."

Mayi anapukusa mutu.

"Hutala amaimbira mlonda, a Kwenda. Ine simunkandiitana. Ndinkakumvani ndekha, n'kubwera ndekha. Chinatsala n'chokhacho."

Anagwira chingwe chake n'kubwerera kukhonde pang'onopang'ono. Kwenda anatsala ataima pa geti, manyazi atamugwira, chisoni chitamudzaza. Anapangira mkazi wake galimoto, ndipo galimotoyo inamulanda ntchito yake yomaliza.

Injini yakale sakanaibwezera, utsi wake ukanamupha mayi. Koma m'mawa wa Lachisanu anapita ku mulu wa zitsulo kuseri kwa galaja. Anafukula ndi manja mpaka zala zinachekeka. Anachipeza tcheni chija chitachita dzimbiri. Sanachitsuke, sanachipake girizi. Anachikoleka kumbuyo kwa galimoto, pa penti watsopanoyo, pamalo pake pakale.

Alendo anafika atavala bwino, makope ali m'manja. Anasuzumira m'bokosi, anafunsa mafunso, anagwedeza mitu mokhutira. Anadikira kuti litenthe. Kenako anakwera, galimoto inanyamuka mwakachetechete, ndipo pa dzenje loyamba kunamveka ngwe-ngwe-ngwe. Anayang'anizana. Pa dzenje lachiwiri, ngwe-ngwe-ngwe. Anzake a pa galaja aja, amene anasonkhana m'mbali mwa msewu, anayamba kuseka.

Wamkulu wa alendowo anati, "Bambo Kwenda, ntchito yanu ndi yabwino, koma chitsulo ichi chikuwononga zonse. Imani tichichotse, kenako tijambule."

Kwenda anati, "Tiyeni tikafike kaye kwathu, bwana. Mukakachiona kuti n'chosafunika, mukachichotse nokha."

Anatsetsereka kupita kumlatho. Matabwa a mlathowo anali otalikirana, ndipo tcheni chinalira pa thabwa lililonse. Popeza panalibenso injini yochiphimba, chinamveka patali kuposa kale lonse. Anakwera kamtunda, anakhota pa ngodya ya mpanda.

Geti linali yasa. Nachisale anali chilili pambali, duku atamanga bwino, akupuma wefuwefu chifukwa chothamanga ndi chingwe. Galimoto inadutsa pafupi naye, nthunzi yokha inamukhudza m'miyendo, ndipo sanatsokomole.

"Ndakumvani muli pa mlatho, a Kwenda," anatero. "Kodi mwabwera ndi alendo? Mukanandiuza, tikanapha nkhuku."

Kwenda anangotsika n'kumugwira dzanja. Wamkulu uja anazungulira kupita kumbuyo kwa galimoto, anayang'ana tcheni, anayang'ana chingwe chochokera pakhonde, anayang'ana mayi. Anabweza manja m'matumba. Mmodzi mwa anzakewo analembabe m'kope lake kuti galimoto ili ndi phokoso losakonzedwa kumbuyo, ndipo a pa galaja sanasiye kumutcha dokotala wa kachasu. Kwenda analibe nazo ntchito. Tcheni sichinachokenso.

Tsono mwafunsa ngati galimoto zoterezi zidzabwere. Mwina zidzabwera, ine sindine mlosi. Bokosi likadali lodula, likadachedwa kutentha, mwaye ukadalivutitsa. Koma nzimbe tili nazo, mitu muli nayo, ndipo ndikulakalaka mmodzi wa inu adzathetse mavuto amenewa ine ndikadali moyo, ndidzakwereko. Zimenezo sizindidetsa nkhawa. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi manja anu ofulumira kutaya. Mudzatsitsa zinthu zambiri zakale, zaphokoso, zonunkha, ndipo zambiri mwa izo n'zoyenera kutsitsidwa. Koma pali munthu wina, wosalankhulalankhula, amene tsiku lake lonse linakoleka pa kachitsulo kamene inu mukuti n'kotha ntchito. Sadzabwera kudzadandaula. Adzangokuuzani kuti mwagwira ntchito, n'kupita kukaima padzuwa. Choncho musanaponye tcheni pa mulu, kayambeni mwafika kunyumba mukaone amene akudikira pa geti.