Munda wa Kumapeto kwa Ngalande

Panali munthu wina, dzina lake Chiletso, wolemba mapulogalamu a pakompyuta. Mayi ake ankalima mpunga pa sikimu ya ulimi wothirira, ndipo munda wawo unali kumapeto kwa ngalande, kumene madzi amafika atatopa kale.

Pa sikimupo madzi ankagawa ndi pulogalamu. M'mawa uliwonse inkatumiza uthenga pa foni ya wotsegula madzi, kumuuza kuti lero ndi munda wa uje. Pulogalamuyo inalibe mwini. Ankailuka anthu a m'mayiko ambiri, osadziwana nkhope, uyu akamagona uyo akudzuka, aliyense kuwonjezapo mzere wake ngati mkeka wosatha. Wotenga ankatenga ulere. Koma mwambo wake unalipo: ukakonza penapake, utumize kwa oyang'anira, aone, akuyankhe, kenako aziphatikize kuti onse alandire.

Chiletso anapeza polakwika. Madzi akachepa, pulogalamuyo inkaiwala minda ya kumapeto. Anakonza, natumiza. Woyang'anira wina, mayi wa kudziko lozizira, anayankha kuti, "Bambo Chiletso, mwagwira ntchito. Koma apa lembaninso momveka, mutionetsenso kuti mwaziyesa."

"Ha!" anatero Chiletso payekha. "Munthu wosadziwa ndi fungo la kilombero lomwe azindiphunzitsa ine? Phazi lake linapondapo matope?"

Sanawayankhe. Zokonzazo anangoziika pa kompyuta ya pa sikimu, n'kubwerera kutauni kumene ankakhala.

Chaka chimenecho madzi anafika kumunda kwa mayi ake. Chiletso akakhala m'minibasi, mutu atatsamira pa windo, ankaona munda wa mayi ake ukuyandama pamwamba pa malata a mzinda, akakowa akuyenda pang'onopang'ono m'madzi odzaza mitambo. Mumtima ankati, madzi amenewo ndi anga.

Koma oluka aja sanaleke kuluka. Chaka chinacho anatulutsa pulogalamu yatsopano, a komiti ya sikimu n'kuiika, yakale ija n'kufufuta. Za Chiletso munalibe, pakuti oyang'anira anali adakadikira yankho lake. Mvula inadula, madzi anachepa. Foni ija inkatchula minda yonse kupatula ya kumapeto. Apo mpunga unali utangoyamba kubereka.

Chiletso atafika kumudzi anapeza mayi ake atakhala m'mbali mwa munda, nthaka itang'ambika.

"Mwanawe, paja unati unakonza?"

"Ndinakonza, amayi."

"Unakonzera ndani?"

Chiletso anakhala pansi pomwepo, kompyuta pamiyendo. Analembanso momveka, anayesa, anatumiza, napepesa. Mayi wa kutali uja analandira. Kuyambira pamenepo madzi anayamba kufika kumapeto kwa ngalande m'mayiko amene Chiletso sadzapondako. Koma mpunga wa mayi ake wa chaka chimenecho unali mankhusu okhaokha.

Ana inu, musayang'ane kumbali. Wina mwa inu anatapa mbewu m'nkhokwe ya banja lino, wina anaphunzira umisiri pa makina a malume ake, wina analeredwa ndi azakhali mayi ake akudwala. Zonsezo zikudziwika, aliyense ndi zake. Mukapeza njira yabwino, musaibise m'nyumba mwanu chifukwa choopa kudzudzulidwa. Bwerani nayo pano. Tikamati kabwerezeni, sitinakukaneni ayi. Mlongo wanu amene ali kumapeto akudikira inuyo.