Mayi Amene Ankaimbira Kukhomo

Lowani, lowani msanga. Khumbizeni, siya chigubucho, madzi tikatunga ena. Gwira dzanja mng'ono wako Lonjezo. Iwe Mwandida, bwera ndikuone miyendo. Sanakulume? Tembenuka. Chabwino. Khalani pansi nonse, ine nditsamira chitsekochi ndi phewa, poti khanda lili kumsana. Tizinong'ona. Galu uja ndi wachiwewe, dovu lili chuchuchu, waluma kale mbuzi ya a Nachisale, pano ali kuseri kwa bafa lathu. Akamva phokoso abwera pakhonde. Bambo anu ali kumsika, anyamata a m'mudzi athamangira zibonga.

Mwandida, ndakuitana mpaka kukhosi kuwawa. Unali pomwepa m'chimangamu, ukundimva. Bwanji sunayankhe? Ati chiyani? Eti anzako a kusukulu anali pamsewu, akanamva mawu ako aakuluwo akanayambanso zija za "abambo abwera, abambo abwera." Mwana iwe. Ine ndimati galu wakugwetsa m'mizeremo, iwe uli phee, kuopa kusekedwa. Usalire. Sendera kuno ndikuuze kanthu.

Panali mayi wina kumudzi wa m'tsinde mwa phiri. Mawu ake anali aakulu, a pansi, ngati mtondo ukamamveka kutali. Ankakonda kuimba, ndiye analowa kwaya ya amayi. Tsiku loyamba atangotsegula pakamwa, a kutsogolo anacheuka kuti aone bambo amene walowa. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi zitenje. Mtsogoleri wa kwaya anati, "Mayi, besi ndi ya azibambo. Koma poti mwabwera kale, kaimeni kumbuyo uko, kukhomo. Muziimba chapansipansi."

Iye anakaima kukhomo. Tsono kukhomo n'kumene amayi ankasiya ana. Iwo akamaphunzira nyimbo, ana ankakhala pamenepo m'dothi, kuseweretsa zitsekerero za mabotolo, ena kugona. Mawu a kutsogolo ankakwera kumalata. Anawo ankangomva a mayi uja, hmm, hmm, mpaka m'mimba. Zaka zinapita, iye ali pomwepo.

Tsiku lina m'mudzimo munagwa maliro. Amayi a kwaya anakwera phiri kukatola nkhuni zoti aphikire anthu. Kamtsikana ka mtsogoleri uja kanawatsatira, kamsinkhu ngati Lonjezoyu. Masana nkhungu inatsika, yoti munthu ali apa sumuona. Pomanga mitolo, mwana palibe.

Anayamba kuitana. Mukudziwa mmene timaitanira amayi, mawu ang'ono, okwera, uuwi, uuwi. M'phiri mawu otero amagunda thanthwe n'kubwerera. Woitana ali kuno, mawu akumveka uko. Onse akukuwa nthawi imodzi, ena akulira. Mwana anamva phiri lonse likutchula dzina lake, mbali zonse. Anaopa. Analowa pansi pa mwala n'kukhala chete. Kutsogolo kwa mwalawo kunali phompho.

Mayi wa kukhomo uja anati, "Amayi, takhalani chete kaye."

Anakhala chete, poti mawu anali atawathera kale. Iye sanaitane dzina. Anangoyamba mbali yake ya nyimbo, ija ankaimba kumbuyo. Inkayenda pansi, m'udzu, osabwerera. Kuimba, kusiya, kumvetsera. Kuimba, kusiya, kumvetsera.

Kenako chakumunsi kamawu kanayankha. Kankaimba besi. Kamwana kakang'ono, kakudzikakamiza kukulitsa mawu, poti mbali ya nyimbo imene kankaidziwa ndi yomweyo. Ya mayi ake enieni sikankaidziwa.

Mayi uja anatsetsereka akuimba, mwana akuyankha, mpaka anamugwira mwendo n'kumukoka pansi pa mwala paja. Anamubereka, anakwera naye, anakamupereka. Mtsogoleri wa kwaya analandira mwana wake atagwada.

Kaya anamusunthira kutsogolo Lamulungu lotsatira, kaya ayi, sindikudziwa. Koma mwana anagona kwawo.

Wamva, Mwandida? Mawu si malaya oti uvule anzako akaseka. Osekawo lero anali kuti? Anathawa aliyense kwawo, iwe anakusiya m'chimanga ndi galu. Ine ndikaitana sindifuna mawu okoma ayi. Ndifuna kudziwa kumene uli, basi. Ndipo ako ndi amene ndingawamve ngakhale chigayo chikulira. Ndiye uziyankha. Kaya pamsewu pali sukulu yonse, uziyankha. Nanunso anyamata inu, musamusekenso mlongo wanu, ndakumvani dzulo muli kuseri uko.

Shh. Tamverani. Ndi a Nachisale awo, akuuza anthu panja. Ati galu wathawira kudambo, anyamata ali pambuyo pake. Ambuye zikomo. Eee, zikomo.

Komabe panja sitituluka mpaka bambo anu abwere, galu wotere amabwerera. Khumbizeni, ndipatse mpiringidzo uwo. Gwira uko, kankha. Walowa. Zenera lija ndinatseka? Ndinatseka.

Tsopano ndiitana mmodzimmodzi, aliyense ayankhe ndimve.

Khumbizeni.

"Wawa."

Lonjezo. Chotsa chala m'kamwa kaye.

"Wawa."

Khandali lili kumsana kwangaku, ndikulimva likupuma. Mwandida.

Mwandida, ndikudikira. Osanong'ona, galu wapita.

"Wawa, amayi."

Mwamumva? Mpaka khanda ladzidzimuka. Lisiyeni lilire. Anayi, onse muli m'nyumba.